Kampani ya chitetezo cha pa intaneti ikamaphunzitsa anthu mwaulere: chimachitika n'chiyani, ndipo amapindula ndani?

M'mwezi wa February chaka cha 2024, mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, a Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti ntchito yosindikiza mapasipoti inaima chifukwa anthu ena analowa mwachinyengo m'makompyuta a nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, ndipo ankafuna kuti boma liwalipire dipo. Kwa ambiri a ife kuno ku Zomba, aka kanali koyamba kumva kuti mbava ikhoza kuimitsa ofesi yonse ya boma popanda kuthyola chitseko ngakhale chimodzi. Komatu umbava wa pa makina sunali wachilendo kwenikweni, pakuti pafupifupi aliyense amene ali ndi foni analandirapo uthenga wa nambala yosadziwika wakuti, "Ndalama ija mutumize pa nambala iyi."

Nkhani zotere zikamachuluka, makampani amene amagulitsa chitetezo cha makompyuta nawonso amamveka kwambiri. Amalengeza maphunziro aulere pa intaneti, amakonza mipikisano ya ophunzira, amalipirira ena sukulu, ndipo mayina awo amaoneka pa zikwangwani za misonkhano ndi pa magalimoto a mipikisano. Apa ndi pamene anthu amasokonezeka. Ena amati ndi chifundo, ena amati ndi malonda ovala chigoba cha chifundo, ndipo enanso amaopa kuti amene akuphunzitsa ana za makompyuta mwanjira imeneyi akuwaphunzitsa kuba. Kuti munthu aweruze yekha, ayenera kudziwa kaye mmene ntchito zimenezi zimayendera.

## Makampani amenewa amagulitsa chiyani?

Mawu a Chingerezi akuti cybersecurity amatanthauza ntchito yonse yoteteza makompyuta, mafoni, netiweki ndi zinthu zosungidwamo. Akatswiri amati chitetezochi chili ndi mbali zitatu, ndipo chitsanzo chapafupi ndi mayeso a boma, poti likulu la MANEB lili konkuno. Mafunso a mayeso asadziwike nthawi yake isanakwane. Malikisi a mwana asasinthidwe ndi munthu wosaloledwa. Ndipo zotsatira zipezeke tsiku limene zikufunika. Chimodzi mwa zitatuzi chikalephereka, chitetezo chalephereka.

Makampani ake ndi monga Kaspersky ya ku Russia, Fortinet, Palo Alto Networks ndi CrowdStrike a ku America, Check Point ya ku Israel, ESET ya ku Slovakia, Sophos ya ku Britain ndi Trend Micro imene likulu lake lili ku Japan. Amagulitsa mapulogalamu ofufuza ndi kuchotsa mapulogalamu owononga, zipangizo zimene zimaima pachipata cha netiweki ngati mlonda n'kumasankha zolowa ndi zotuluka, komanso ntchito yolondera makompyuta a kasitomala usana ndi usiku. Ena amalembedwa ganyu yoti ayese kuthyola chitetezo cha banki ndi chilolezo cha banki yomweyo, kuti pofooka padziwike mbava zenizeni zisanapaone.

Makasitomala awo enieni ndi mabanki, maboma, makampani a mafoni ndi zipatala zikuluzikulu. Mayi wogulitsa tomato ku Mpondabwino sadzagula chipangizo cha Fortinet. Ndiye funso lenileni ndi lakuti, n'chifukwa chiyani kampani yotere imawononga ndalama kuphunzitsa anthu amene sadzagula katundu wake?

## Loko ndi wolimba, koma kiyi amapereka ndi mwini nyumba

Amene anaimapo pamzere pa kabokosi ka ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba mumsika wa Zomba anaonapo izi. Agogo afika ndi foni ya mabatani yokulungidwa pansonga ya chitenje, aipereka pawindo n'kunena kuti, "Mwananga, tanditapire 10,000, maso angawa sakuona bwino." Ejenti afunsa nambala yachinsinsi, ndipo agogo aitchula mokweza, manambala onse anayi, anthu asanu ali kumbuyo kwawo. Ejenti wachilungamo amawabwezera foni n'kuwauza kuti, "Agogo, dinani nokha, musamatchule pagulu." Wina satero. Makina a kampani ya foni angakhale olimba chotani, panthawi imeneyo palibe chimene akuteteza, chifukwa mwiniwake wapereka yekha kiyi.

Izi sizichitika kumudzi kokha. Kampani ya Verizon ya ku America imatulutsa lipoti chaka chilichonse la mmene zinsinsi za mabungwe zimabedwera, ndipo lipoti la 2024 linapeza kuti pa milandu 100 iliyonse, pafupifupi 68 inakhudza munthu amene sanali ndi cholinga choipa, koma analakwitsa kapena anapusitsidwa. Njira yodziwika kwambiri yopusitsira anthu imatchedwa phishing, mawu amene anachokera ku mawu a Chingerezi otanthauza kuwedza nsomba. Msodzi wa ku Kachulu pa nyanja ya Chilwa sathamangitsa mlamba. Amaika nyambo pa mbedza n'kudikira. Nyambo ya wakuba wa pa foni ndi mantha, changu kapena chiyembekezo: mwana wanu wagwa kusukulu ndipo akufunika ndalama ya mankhwala pompano, mwapambana mphoto koma mulipire kaye ya fomu, ndatumiza ndalama kwa inu molakwika chonde mundibwezere, ntchito yapezeka ku bungwe lina koma dzina lanu lilowe lero.

Nyuzipepala za m'dziko muno zakhala zikulemba kuti ena mwa mauthenga otere amatumizidwa kuchokera m'ndende, kuphatikizapo ndende yaikulu ya kuno ku Zomba. Mfundo imeneyi imaonetsa chinthu chofunika: wakuba wotere safunika kompyuta yamphamvu kapena digiri. Amafunika foni, simukhadi ndi pakamwa pothyathyalika. Ndipo palibe pulogalamu imene ingaletse munthu kutumiza ndalama zake ndi chala chake.

N'chifukwa chake makampani a chitetezo ali ndi chifukwa chenicheni chophunzitsira anthu. Wogwira ntchito kubanki, amene kampaniyo ikuteteza, ndi munthu yemweyo amene madzulo amalandira uthenga wachinyengo pa WhatsApp. Foni ya munthu wamba ikagwidwa ndi pulogalamu yowononga, ikhoza kugwiritsidwa ntchito polimbana ndi makasitomala a kampaniyo mwiniwake osadziwa. Mudzi ukakhala ndi mbava zambiri, ngakhale nyumba ya mpanda sigona tulo.

## Kuchenjeza anthu wamba

Mtundu woyamba wa ntchitozi ndi wochenjeza. Mwezi wa October umadziwika m'mayiko ambiri ngati mwezi wokumbutsana za chitetezo cha pa intaneti, mwambo umene unayambira ku America mu 2004 mogwirizana pakati pa boma ndi makampani. M'mwezi wa February mulinso tsiku lotchedwa Safer Internet Day, limene linayambira ku Ulaya ndipo limayang'ana kwambiri ana. Makampani amalowa m'masiku amenewa ndi timabuku, timavidiyo ndi antchito awo odzipereka kukalankhula m'sukulu. Trend Micro ili ndi ndondomeko yophunzitsa ana ndi makolo imene inayamba mu 2008, ndipo Palo Alto Networks inagwirizana ndi gulu la atsikana la Girl Scouts ku America mu 2017 kuti atsikana azilandira mabaji akaphunzira za chitetezochi.

Zimene amaphunzitsa sizisiyana kwambiri kulikonse: mawu achinsinsi akhale aatali ndipo asakhale amodzimodzi paliponse, foni ndi kompyuta zilandire zokonza zatsopano zikatuluka, munthu azidziwa kuzindikira nyambo, ndipo pomwe n'kotheka aike loko wachiwiri. Loko wachiwiriyu ndi wosavuta kumumvetsa pa WhatsApp. Munthu akafuna kulanda WhatsApp yanu, amalemba nambala yanu pa foni yake, ndipo kampaniyo imatumiza manambala 6 ku foni yanu. Kenako amakuimbirani kapena kukulemberani, nthawi zambiri akudzitcha mnzanu wa pagulu la mpingo kapena la kusukulu, n'kukupemphani kuti mumuwerengere manambalawo. Mukamuwerengera, WhatsApp yanu yapita, ndipo posakhalitsa abale anu ayamba kulandira mauthenga opempha ndalama m'dzina lanu. Koma ngati munaikiratu nambala ina yachinsinsi yanuyanu m'kati mwa WhatsApp, wakubayo amakakamira pachitseko chachiwiri.

Uphungu wotere ndi wabwino, ndipo akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Vuto limakhala lakuti zophunzitsira zambiri zinalembedwera anthu a moyo wina. Zimaganiza kuti munthu ali ndi foni yakeyake, imelo, khadi la kubanki ndi intaneti yosatha. Kuno foni imodzi imatha kukhala ya banja lonse, imasiyidwa pa shopu tsiku lonse kuti itchajidwe, ndipo ndalama zimayenda podina *211# kapena *444#, osati pa tsamba la banki. Kuuza wophunzira wa ku Chikanda kuti azilola foni yake kutsitsa zokonza zatsopano nthawi zonse n'kumuuza kuti apereke bandulo yake ya sabata yonse. Palinso chilankhulo: phunziro lolembedwa m'Chingerezi silifika kwa agogo aja a pa kabokosi, pamene mphindi zisanu za pa wailesi ngati Chanco Community Radio, m'Chichewa kapena m'Chiyao, zikhoza kuwafika. Pachifukwa ichi, machenjezo amene anthu ambiri kuno amawadziwa si a makampani akunja aja, koma mauthenga a makampani a mafoni ndi mabanki owakumbutsa kuti asauze munthu aliyense nambala yachinsinsi, ngakhale wodzitcha wa kuofesi.

## Kusula akatswiri

Mtundu wachiwiri ndi umene umakopa ophunzira a pa yunivesite ya Malawi ku Chirunga ndi a m'makoleji ena, ndipo ndi umene makampani amathirapo ndalama zambiri. Bungwe la akatswiri la ISC2 linanena mu 2023 kuti padziko lonse pakuperewera anthu pafupifupi 4 miliyoni ogwira ntchito ya chitetezo cha makompyuta. Chiwerengerochi chimatchulidwa kawirikawiri, koma ndi bwino kukumbukira kuti bungwe lomwelo limaperekanso masatifiketi a ntchitoyi, ndiponso kuti achinyamata ambiri amene angomaliza maphunziro amadandaula kuti olemba ntchito amafuna anthu amene anagwirapo kale. Kuperewera kwa akatswiri ndi kusowa kwa ntchito zoyambira zimatha kuchitika nthawi imodzi.

Kampani ya Cisco inayambitsa Cisco Networking Academy mu 1997, ndondomeko imene imapereka maphunziro a netiweki ndi chitetezo kudzera m'sukulu ndi m'makoleji a m'mayiko ambiri. Fortinet inalonjeza mu 2021 kuti idzakhala itaphunzitsa anthu 1 miliyoni pofika 2026. Kayendetsedwe kake nthawi zambiri ndi kotere: kampani imalemba silabasi, imaphunzitsa aphunzitsi, imapereka malo ochitirapo zoyeserera pa intaneti, ndipo sukulu imapereka chipinda, magetsi ndi ophunzira. Maphunziro oyambirira amakhala aulere, koma mayeso a satifiketi yapamwamba nthawi zambiri amalipiridwa, ndipo mtengo wake umakhala wa ndalama zakunja.

Amene anayendapo msewu wa ku Jali kapena wa ku Thondwe nthawi ya dzinja amadziwa munda wachitsanzo: chimanga chobiriwira m'mphepete mwa msewu, pamzere uliwonse pali kachikwangwani ka kampani ya mbewu. Mlimi amene wabwera pa tsiku la chionetsero amaphunziradi kubzala mbewu imodzi pa phando ndi kuthira feteleza pa nthawi yake, ndipo nzeru zimenezo ndi zake mpaka kalekale. Komanso akalowa m'sitolo mu November, dzina limene limabwera msanga m'mutu mwake ndi la pa kachikwangwani kaja. Maphunziro a makampani a chitetezo ali chimodzimodzi. Wophunzira amaphunzira mfundo zimene zimagwira ntchito paliponse, koma manja ake amazolowera zipangizo za kampani imodzi, ndipo zaka khumi zikubwerazo, akadzakhala mkulu woona za makompyuta kubanki kapena ku unduna, adzafunsidwa kuti asankhe zogula. Palibe chobisika pamenepa, ndipo makampaniwo sakana. Chofunika kwa wophunzira ndi kusiyanitsa satifiketi ya zipangizo za kampani imodzi ndi satifiketi yosadalira kampani, popeza zonse ziwiri zili ndi malo ake pamsika wa ntchito. Ndiyeno pali chinthu china chimene sichilembedwa pa zikwangwani: satifiketi yodziwika padziko lonse imapangitsa mwana wa ku Chinamwali kulembedwa ntchito ku Lilongwe, komanso imamutsegulira njira ya ku Johannesburg kapena ku Nairobi, ndipo phindu la banja lake silikhala nthawi zonse phindu la ofesi ya boma imene ikusowa katswiri.

Mbali imene imadetsa nkhawa makolo ndi ya mipikisano yotchedwa Capture the Flag, kutanthauza kulanda mbendera. Okonza mpikisano amamanga makompyuta ongoyeserera amene ali ndi pofooka poikidwa dala, n'kubisamo mawu ena amene amatchedwa mbendera, ndipo wopikisana akawapeza amalandira mapointi. Funso la oyamba kumene likhoza kukhala losavuta chonchi: apatsidwa mawu akuti CRPED n'kuuzidwa kuti apeze tanthauzo. Wophunzira akayesa kubweza chilembo chilichonse m'mbuyo katatu pa alifabeti, C amakhala Z (poti akadutsa A amayambiranso kumapeto kwa alifabeti), R amakhala O, P amakhala M, E amakhala B, D amakhala A, ndipo atulukira ZOMBA. Mafunso apatsogolo amafuna kufufuza uthenga wobisidwa m'kati mwa chithunzi, kapena kupeza cholakwika m'pulogalamu chimene chingalole munthu kulowa popanda mawu achinsinsi. Mpikisano wina wodziwika ndi picoCTF, umene yunivesite ya Carnegie Mellon ya ku America inayambitsa mu 2013, ndipo aliyense amene ali ndi intaneti akhoza kuyeserera mafunso ake mwaulere. Makampani amathandiza mipikisano yotere ndi mphoto ndi zipangizo, ndipo amaigwiritsanso ntchito ngati bwalo losankhirapo antchito.

Kodi uku si kuphunzitsa kuba? Luso lake ndi limodzi ndithu, monga mmisiri wokonza maloko amadziwa kutsegula loko popanda kiyi. Chimene chimasiyanitsa ndi chilolezo. Lamulo la dziko lino la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'kompyuta ya wina popanda chilolezo, ndipo wophunzira amene wayesa luso lake pa makompyuta a sukulu yake "pongofuna kuona" walakwira lamulo ngakhale asanabe kanthu. Maphunziro okonzedwa bwino amayamba ndi mfundo imeneyi asanafike pa luso.

## Zida zaulere, ndi mtengo wake wosaoneka

Nkhani ya mapasipoti ija, malinga ndi boma, inali ya dipo, ndipo mapulogalamu amene mbava zimagwiritsa ntchito pofuna dipo amatchedwa ransomware. Pulogalamu yotere ikalowa m'kompyuta imatseka mafayilo onse ndi kiyi amene ali ndi wakuba yekha, n'kusiya uthenga wakuti mulipire kuti tikutsegulireni. Mu May 2017, imodzi yotchedwa WannaCry inafalikira m'mayiko oposa 150 ndipo inasokoneza zipatala za boma ku Britain.

Mu July 2016, apolisi a ku Netherlands, bungwe la apolisi a ku Ulaya la Europol, Kaspersky ndi Intel Security anayambitsa tsamba lotchedwa No More Ransom. Apolisi akalanda makompyuta a mbava n'kupezamo makiyi, kapena akatswiri akatulukira pofooka pa pulogalamu ya mbavazo, amapanga chida chotsegulira mafayilo n'kuchiika pa tsambalo kuti aliyense atenge mwaulere. Si mitundu yonse ya ransomware imene ili ndi chotsegulira, koma kwa mwini shopu yosindikiza mapepala amene ntchito zonse za makasitomala ake zatsekedwa, ndi malo oyamba kuyang'ana asanaganize zolipira. Mu 2019 makampani angapo ndi mabungwe othandiza anthu ochitiridwa nkhanza anakhazikitsa mgwirizano wa Coalition Against Stalkerware, wolimbana ndi mapulogalamu amene munthu amaika mobisa m'foni ya mkazi kapena mwamuna wake kuti aziwerenga mauthenga ndi kudziwa kumene ali. Ndipo mu 2024, pa ntchito yotchedwa Operation Serengeti imene anatsogolera ndi mabungwe a apolisi a INTERPOL ndi AFRIPOL m'mayiko 19 a mu Africa, anthu 1,006 anamangidwa, makampani a chitetezo atathandiza ndi zimene ankadziwa za mbavazo.

Kampani imapindulanso pa zaulerezi, chifukwa pulogalamu yake ikakhala m'makompyuta ambiri, imaona msanga mapulogalamu owononga atsopano, ndipo nzeru imeneyo imalimbitsa katundu amene imagulitsa. Kusinthana kotere kukhoza kukhala kwachilungamo, koma kunapitirirapo malire. Mu 2024, bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission, linalamula kampani ya Avast kulipira madola 16.5 miliyoni pa mlandu wogulitsa mbiri ya masamba amene anthu ogwiritsa ntchito mapulogalamu ake ankatsegula pa intaneti, kudzera ku nthambi yake ya Jumpshot imene inatsekedwa mu 2020. Anthuwo anaika pulogalamuyo kuti iwateteze.

## Dzina pa galimoto ya mpikisano

Kuthandiza masewera ndi misonkhano posinthana ndi kuonetsa dzina si kwachilendo kwa ife, pakuti kwa zaka zambiri ligi yaikulu ya mpira m'dziko muno inkadziwika ndi dzina la TNM, ndipo zikho zina zinapatsidwa mayina a Airtel ndi FDH. Makampani a chitetezo amakonda mipikisano ya magalimoto ya Formula One: Kaspersky inakhala ndi timu ya Ferrari kuyambira 2010 kwa zaka zoposa khumi, ndipo CrowdStrike inagwirizana ndi timu ya Mercedes mu 2019. Chifukwa chake n'chakuti katundu wawo saoneka ndi maso. Chitetezo chikagwira ntchito bwino palibe chimachitika, ndiye wogula amagula chikhulupiriro, ndipo dzina limene mkulu wa banki waliona kawirikawiri pamalo aulemu limakhulupirika msanga. Kupatsa n'kuika.

Komabe dzina lodziwika si umboni wakuti zonse zili bwino. Pa 19 July 2024, zokonza zolakwika zimene CrowdStrike inatumiza ku makompyuta a makasitomala ake zinazimitsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, malinga ndi Microsoft, ndipo ndege zambiri zinalephera kunyamuka. Chaka chomwecho boma la America linaletsa kugulitsa mapulogalamu a Kaspersky m'dzikolo ponena kuti boma la Russia likhoza kuwagwiritsa ntchito, zimene kampaniyo imakana. Mikangano ya mayiko akuluakulu imatsatira makampaniwa kulikonse kumene akupita, ngakhale m'kalasi.

Thandizo laling'ono, monga makompyuta 20 operekedwa kusukulu, lili ndi mafunso ake apansipansi. Mapulogalamu ambiri a chitetezo amagwira ntchito ndi laisensi ya chaka chimodzi kapena zitatu, ndipo ikatha pamafunika wolipira. Pamafunikanso wokonza zikawonongeka, intaneti, ndi njira yoti phunziro lipitirire magetsi akazima.

## Kodi maphunzirowa amasinthadi khalidwe la anthu?

Apa akatswiri sagwirizana. Makampani amakonda kulengeza chiwerengero cha anthu amene afikiridwa, koma kukhala pa msonkhano ndi kusintha khalidwe ndi zinthu ziwiri, ndipo aliyense amene anakhalapo pa maphunziro a kuhotela, kumene ena amabwerera alawansi ndi nkhomaliro, amadziwa kusiyana kwake. Ofufuza a ku University of California San Diego anayesa nkhaniyi pa antchito pafupifupi 19,500 a zipatala za yunivesiteyo, powatumizira mauthenga achinyengo ongoyeserera kwa miyezi ingapo, ndipo zotsatira zimene anafalitsa mu 2025 zinaonetsa kuti amene anaphunzitsidwa ankagwa mumsampha pafupifupi mofanana ndi amene sanaphunzitsidwe. Ambiri ankatseka tsamba la phunzirolo asanaliwerenge n'komwe.

Amene amakayikira maphunzirowa amati ndalama zipite ku makina amene amateteza munthu ngakhale atalakwitsa, monga loko wachiwiri uja, kapena njira yoti dzina la wolandira lioneke ndalama zisanatumizidwe. Amaonjezera kuti kulimbikira kuchenjeza anthu kukhoza kusenzetsa mlandu wobedwa m'malo mwa kampani imene makina ake ndi osavuta kuwapusitsa. Amene amawaikira kumbuyo amayankha kuti kafukufuku wotere anayesa maphunziro a mtundu umodzi, ofulumira ndi okakamiza, kwa anthu amene anamvapo kale za nkhaniyi, pamene munthu amene sanamvepo kuti kampani ya foni siifunsa nambala yachinsinsi amasinthidwa ndi chiganizo chimodzi chokha. Mbali zonse ziwiri zimavomereza kuti phunziro lobwerezedwa, la m'chilankhulo cha munthuyo, lokhudza chinyengo chimene iye akukumana nacho sabata imeneyo, limaposa la kamodzi pachaka.

## Pepala lolembapo mayina

Kuno ku Malawi, lamulo la 2016 lija linakhazikitsa gulu loona za ngozi za makompyuta, Malawi CERT, pansi pa bungwe la MACRA, ndipo mu 2024 kunabwera lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act, limenenso likuyang'aniridwa ndi MACRA. Lamulo lachiwirili limakhudza ntchito zimene tikukambazi pamalo pamene anthu ambiri saganizira.

Tiyerekeze kuti mphunzitsi wamkulu wa sekondale ina ya ku Domasi walandira kalata ya kampani yofuna kudzaphunzitsa ana a Fomu 3 za chitetezo cha pa intaneti. Adzafuna kudziwa ngati kampaniyo ilikodi, poimba nambala imene waipeza yekha osati ya pa kalatayo, chifukwa mbava nazo zimadziwa kuvala dzina la kampani yodziwika. Adzafuna kuona zophunzitsirazo pasadakhale, kuti adziwe ngati ndi phunziro kapena kutsatsa malonda, komanso ngati aphunzitsi ake adzasiyiridwa kanthu koti apitirize nako alendowo akapita. Ngati ana adzauzidwa kuika pulogalamu m'mafoni, adzafunsa zimene pulogalamuyo imatenga m'fonimo.

Ndiyeno pali pepala limene limayendayenda m'holo msonkhano usanathe, lokhala ndi mizere ya dzina, zaka, nambala ya foni, imelo ndi siginecha, nthawi zina ngakhale nambala ya chitupa cha unzika. Okonza msonkhano amalifuna kuti akaonetse kwa amene anapereka ndalama kuti anthu anabweradi, ndipo chifukwa chimenecho n'chomveka. Koma pepalalo ndi mndandanda wa anthu enieni ndi manambala awo, chinthu chimene wotumiza uthenga wa "ndalama ija" angachikonde kwambiri. Mfundo za lamulo loteteza zinsinsi ndi zakuti wotolera zinthu zotere anene chimene akuzitolera, asatenge zoposa zofunika, azisunge mosamala, ndipo asazigwiritse ntchito ina yosiyana ndi imene ananena. Za ana zimafuna kusamala koposa, kuphatikizapo chilolezo cha makolo. Choncho mphunzitsi wamkulu uja ali ndi ufulu wofunsa kuti pepalalo likasungidwa kuti, kwa nthawi yaitali bwanji, ndani adzaliona, ndiponso ngati mzere wa nambala ya foni ungachotsedwe ana asanayambe kulemba.